Tembenuzani botolo kaye: kasankhidwe ndi kadzoledwe ka zodzola zatsopanozi kuno kotentha ku Mangochi

Achemwali anga, nkhani iyi ndakhala ndikuilongosola pakamwa mu saluni mwanga mpaka malovu kuuma, nde lero ndati ndingoilemba kamodzi kuti wina akandifunsanso ndizingomuponyera pa WhatsApp. Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wa ku Mpondasi ndi jumbo yodzadza mabotolo, achimwene ake amutumizira pa basi kuchoka ku Joni, ma seramu anayi (zodzola zamadzimadzi zopaka timadontho), tona wopukutira nkhope, kaya chani china cholembedwa chi Korea, iye nkuyamba kudzola zonse tsiku limodzi ngati akuthira zokometsera mu ndiwo. Masiku asanu okha nkhope yatupa, ikusupuka, ikuyabwa, mayi ake ayamba kale kunena kuti wina wamuchita chipongwe poti ukwati wayandikira. Palibe anamulodza mwana uja. Zinthu anamutumizirazo zinali zabwinobwino, zina zodula zoti ine mwini saluni sindingazikwanitse.

Ife tinakula ndi Vaseline, gilisalini ndi mafuta a nsatsi amene agogo ankayengula okha pamoto, basi. Pano botolo lililonse likubwera ndi dzina la ku labu kutsogolo, niacinamide, retinol, hyaluronic acid, ceramide, ndipo zambiri mwa izi zimagwiradi ntchito si bodza ayi. Koma anazipanga anthu oti m'mashopu mwawo mumazizira tsiku lonse, pomwe ife botolo lomwelo layenda masiku angapo mu buti ya basi kudutsa Beitbridge ndi Tete, lafika lakhalanso pa benchi pa msika dzuwa la Okutobala likuliphika. Kagulidwe ndi kasungidwe kathu sikangafanane ndi ka atsikana akunja amene timawaona akudzola zimenezi pa TikTok.

Musanafunse nkomwe mtengo, tembenuzani botolo muone kumbuyo. Kutsogolo kumalembedwa zokopa, kumbuyo nkomwe kuli tizilembo ting'onoting'ono tija ta zomwe aikamo, ndipo sizilembedwa chisawawa, amayamba ndi chomwe chachuluka kwambiri kutsika mmunsi mpaka kufika pa zinthu za 1 peresenti, zotsalazo akhoza kuzisanja mmene akufunira. Nchifukwa chake nthawi zambiri mawu oyamba amakhala aqua, kutanthauza madzi. Kanzeru kamene ndimagwiritsa ntchito ine ndi aka, ndimafufuza mawu oti phenoxyethanol, mankhwala oteteza kuti zodzolazo zisaole, amene saloledwa kupyola 1 peresenti ku Ulaya. Chilichonse chomwe chalembedwa pambuyo pake dziwani kuti ndi kadontho chabe. Tsiku lina ndinaseka ndekha, loshoni yodula kutsogolo ajambula mtengo wa mlambe waukulu, kumbuyo Adansonia digitata seed oil, omwe ndi mafuta a mbewu za malambe athu omwewa, ali kumapeto kwenikweni pafupi ndi pafyumu. Ndiye kuti munthu wa ku Mangochi wodutsa milambe tsiku ndi tsiku panjira ya ku Monkey Bay akulipira ndalama zambiri kugula kadontho ka malambe kochokera kunja. Ngati mukufuna mafuta a malambe gulani a malambe okhaokha ofinyidwa osaphika, madontho atatu pa khungu lonyowa akwana.

Yang'ananinso kachithunzi ka kabotolo kotsekula kolembedwa 6M kapena 12M, ndi miyezi imene zodzolazo zimakhala bwino mukatsekula. Lembani ndi cholembera pa botolo tsiku lomwe mwatsekula, mutu suungasunge zimenezo.

Pali mawu ena oti mukawaona kumbuyoko bwezani botolo pomwe mwalitenga. Hydroquinone, clobetasol, betamethasone, komanso chilichonse chokhudza mercury, pena amalemba calomel kapena mercurous chloride. Ndipo kabotolo kosalembedwa kalikonse kaja, koti wina wasakaniza kunyumba kwake nkumati mu sabata imodzi muyera, kameneko ndiye musakayandikire. Clobetasol ndi betamethasone ndi mankhwala a kuchipatala a matenda a pakhungu oti dokotala amakupatsa masiku owerengeka, ukawasandutsa mafuta odzola daily khungu limapyapyala mpaka misempha kuoneka, mizere yofiira ngati ya mimba kumatulukira m'mapewa ndi m'ntchafu, ziphuphu mbwee, ndipo bala silichedwa kubwera koma kupola kumavuta. Hydroquinone ukaidzola zaka pa dzuwa ngati lathuli imabweretsa mawanga akuda bii m'masaya amene madokotala amati ochronosis, ndi aja mumawaona amayi ena nkhope yoyera koma pansi pa maso ngati apaka makala, ndipo sachoka chisawawa. South Africa inaletsa hydroquinone mu zodzola za m'mashopu mu 1990, ku Ulaya mu 2001. Mercury ndiye imawononga impso ndi misempha ya ubongo, imafikanso kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. Ngati mwakhala mukudzola za clobetasol kapena betamethasone zija, zomwe amazitcha ma steroid, kwa miyezi, musasiye mwadzidzidzi nokha poti khungu limalusa, pitani kuchipatala pa boma akuuzeni kasiyidwe kake pang'onopang'ono, palibe chamanyazi, akuona anthu otere ambiri.

Tsono ambiri amene amagula mafuta oyeretsawa cholinga sichinali kuyera ayi, amafuna kungochotsa mawanga otsalira ziphuphu zikapola kapena zigamba zakuda zobwera nthawi ya mimba. Apa ndi pomwe zatsopanozi zatithandiza zenizeni, poti pano kuli zinthu zochepetsa mawanga osasintha mtundu wa khungu lonse.

Yoyambira yabwino ndi niacinamide, amene ndi mtundu wa vitamin B3. Amachepetsa mafuta a pankhope, amene kuno kotentha ndi vuto la aliyense, komanso amachedwetsa utoto wa khungu kufika pamwamba nde mawanga amazilala. Ubwino wake wina saopa kutentha ngati anzake. Pakati pa 2 ndi 5 peresenti ndi wokwana, mabotolo ambiri otchuka amalemba 10 peresenti koma kwa anthu ena imeneyo imayabwa, ngati mwagula ya 10 sakanizani madontho awiri ndi loshoni pachikhatho. Wachiwiri ndi azelaic acid, wa 10 peresenti amapezeka mu zodzola wamba, wa 15 ndi 20 ndi wa ku famase, amagwira ziphuphu ndi mawanga nthawi imodzi ndipo ndi mmodzi mwa ochepa amene madokotala amalola olo mayi woyembekezera. Amalumaluma masiku oyamba ngati tinyerere, kenako zimasiya.

Pali wina amene nkhani yake imandisangalatsa, tranexamic acid. Anamutulukira mayi wina wa ku Japan, dokotala Utako Okamoto pamodzi ndi amuna ake mu 1962, cholinga chinali kuletsa amayi kutaya magazi pobereka, mpaka pano m'zipatala amamugwiritsa ntchito imeneyo. Patapita zaka anthu anazindikira kuti amazilalitsanso zigamba zakuda za m'masaya zija, nde pano akuikidwa mu ma seramu. Wodzola yekha achemwali, mapilitsi ake musamwe mwa nokha poti akhoza kuundanitsa magazi m'misempha. Ndiye palinso Thiamidol wa kampani ya Beiersdorf ya ku Hamburg, eni ake a Nivea ndi Eucerin, kumbuyo kwa botolo amalembedwa isobutylamido thiazolyl resorcinol, lilime likhoza kupindika. Kale mankhwala a mawanga ankawayesa pa enzayimu, kanthu kamene kamayambitsa kupangidwa kwa utoto, yotengedwa mu bowa poti ndi yosavuta kupeza, awa anayesa zinthu zoposa 50,000 pa enzayimu ya munthu yeniyeni imene imapanga utoto wa khungu mpaka kupeza chimodzi ichi. Mu Nivea ndi chomwe amachitchula Luminous630. Ndi yodula, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse za kunja zinangokwera kumwamba, nde ngati thumba silikulola niacinamide akukwanirani.

Chilichonse mwa izi chimafuna masabata 8 mpaka 12 musanaweruze. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe la pamwamba, nde chinthu choti chakuyeretsani masiku asanu chikayikireni, mukhoza kukhala steroid kapena mercury mmenemo olo asalembe. Dzijambuleni pa foni tsiku loyamba mutaima pakhonde mmamawa, mubwerezenso pamalo omwewo mwezi ukatha, kalilole wa tsiku ndi tsiku amanama.

Koma zonsezi ndi kuthira madzi mu dengu ngati simukudzola sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Ndikudziwa, ambiri amati ife akuda dzuwa silitiopsa, zimenezo ndi za azungu a ku Cape Maclear ndi abale athu achialubino. Zoona khungu lakuda silipsa msanga, koma ndi lomwe limachita mawanga msanga, kachiphuphu kamodzi dzuwa likakawomba banga lake miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye ife tili m'mbali mwa nyanja, madzi ndi mchenga zimabweza kuwala kumaso, amene mumapikula usipa ku Makawa kapena ku Malindi mmamawa mpaka masana mukudziwa chomwe ndikunena. Chomwe chinkatigwetsa ulesi kale ndi chakuti ma sunscreen akale a zinc oxide ndi titanium dioxide ankatisiya otuwa ngati tagwa mu ufa. Atsopanowa ali ndi zosefera dzuwa zosaoneka pakhungu, mukaona mawu ngati bis-ethylhexyloxyphenol methoxyphenyl triazine, ena amangoti Tinosorb S, ameneyo ndi wabwino ndipo safooka msanga ndi dzuwa. SPF ndi nambala ya pa botolo yoonetsa mphamvu ya sunscreen, SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha dzuwa chowotcha khungu, SPF 50 pafupifupi 98, nde kusiyana nkochepa, chachikulu ndi muyezo. Finyirani mizere iwiri pa chala cholozera ndi chapakati kuyambira patsinde mpaka kunsonga, imeneyo ndi ya nkhope ndi khosi. Anthu ambiri amadzola kadontho ngati akusunga ya chaka chamawa, SPF 50 yodzola choncho ndi dzina chabe. Mukakhala padzuwa bwerezani pakatha maola awiri, mukatuluka thukuta kwambiri kapena mukasamba kumaso bwerezaninso, ndipo ife amene timatawaza kasanu patsiku tizikumbukira kuti ya mmamawa ija pofika swala ya masana yapita kale. Kwa amene muli ndi zigamba za m'masaya sankhani sunscreen yokhala ndi mtundu ngati fawundeshoni, mkati mwake muli iron oxides, kumbuyo amalemba CI 77491, CI 77492, CI 77499, amenewa amatchinganso kuwala kooneka ndi maso kumene kumadetsa mawanga pa khungu lakuda pomwe sunscreen yoyera siikuletsa. Chipewa ndi ambulera musazinyoze, ndi zotchipa kuposa zonse.

Vitamin C ndimulankhule mwachidule poti kuno amatikhumudwitsa. Wamphamvu uja wolembedwa ascorbic acid amawonongeka ndi kutentha, mpweya ndi kuwala. Akakhala bwino amaoneka ngati madzi kapena chikasu chotuwa, akafika pooneka ngati tiyi wopanda mkaka watha ntchito, ndipo ambiri amene amafika pa msika wathu amakhala atafiira kale. Ngati mukumufunabe sankhani olimba ngati sodium ascorbyl phosphate kapena ascorbyl glucoside, botolo lakuda laling'ono. Kosunga ndi mu filiji, koma poti magetsi athu mukuwadziwa, ine ndimaika mabotolo anga mu kontena yotseka bwino nkuikhazika pansi pambali pa mtsuko wa madzi akumwa, pamchenga wonyowa paja, ndi malo ozizira kuposa onse m'nyumba ya malata. Pawindo ndi mu bafa ndiye ayi.

Retinol ndi amene anapweteka mtsikana wa ku Mpondasi uja. Ndi mtundu wa vitamin A, mchimwene wake wamphamvu tretinoin analoledwa ku America ngati mankhwala a ziphuphu mu 1971, nde si wachilendo kwenikweni, chatsopano ndi chakuti pano amamukulunga mu timakapisozi tosaoneka ndi maso kuti azituluka pang'onopang'ono osalusa, mukaona encapsulated ndi zimenezo. Amathandiza ziphuphu, mawanga ndi makwinya, koma amafuna ulemu. Yambani ndi 0.2 kapena 0.3 peresenti, usiku wokha, kawiri pa sabata, muyezo wa kambewu ka nandolo nkhope yonse. Sambani, dikirani nkhope iume kaye, pakani loshoni pang'ono, kenako retinol, kenako loshoni inanso pamwamba. Pewani m'mbali mwa mphuno, m'makona a pakamwa ndi m'zikope. Pakatha mwezi khungu lisakudandaula onjezerani kufika katatu. Usiku womwe mwadzola retinol musaphatikize ndi ma acid osupula khungu ngati glycolic acid kapena salicylic acid, musakwechenso ndi sikirabu. Pa khungu lathu kulusa kulikonse kumasiya banga, nde ukathamanga umapeza mawanga ochuluka kuposa omwe umafuna kuchotsa. Woyembekezera kapena amene mukufuna mimba, retinol, tretinoin ndi m'bale wawo wa ziphuphu adapalene zisiyeni kotheratu. Pali bakuchiol wochokera ku mbewu za chomera cha ku India amene akumutsatsa ngati retinol wachilengedwe, ndi wofatsa ndithu pa khungu losachedwa kulusa, koma ngati muli ndi pakati kafunseni kaye ku sikelo musanadzole, mawu oti chachilengedwe asakupusitseni, chitedze nachonso ndi chachilengedwe.

Nyengo ya mwera, June mpaka Ogasiti, vuto limatembenuka, kutuwa ndi kuuma. Apa ndi pomwe anthu amathamangira hyaluronic acid. Olo dzina lili ndi acid sawotcha ayi, ntchito yake ndi kugwira madzi ngati siponji. Anamupeza mu 1934 m'diso la ng'ombe akatswiri awiri a ku Columbia University, Karl Meyer ndi John Palmer, kwa zaka zambiri ankamutenga mu lipombo la tambala, pano amamupanga ndi tizilombo tofufumitsa mu matanki. Kadzoledwe kake ndi komwe anthu amalakwitsa, amafuna nkhope yonyowa ndipo pamwamba pake pabwere loshoni kapena mafuta otsekera, ukamudzola pouma kunja kukuwomba mphepo youma nkhope imakokana kuposa kale. Koma ndikuuzeni chilungamo, gilisalini wathu uja amagwira ntchito yofanana pamtengo wochepa, bola musamudzole yekha, madontho ochepa mu loshoni pa thupi lonyowa. Ceramide ndi mafuta amene khungu limakhala nawo kale, ali ngati matope a pakati pa njerwa, sopo waukali ndi ma acid akawakokolola khungu limayamba kuyabwa ndi chilichonse, nde loshoni ya ceramide ndi yomwe mumathawirako mukadzipweteka. Squalane naye ndi mafuta opepuka osanyezimira, kale ankawatenga m'chiwindi cha shaki, pano ambiri amapangidwa kuchokera ku shuga wa nzimbe, ndimati ndikadutsa ku Dwangwa ndimangoganiza. Za ming'alu ya ku zidendene, kirimu ya urea ya 10 mpaka 25 peresenti usiku, Vaseline pamwamba, sokosi, sabata ziwiri muzandiuza.

Tibwere ku tsitsi, komwe ndi ntchito yanga yeniyeni. Tsitsi limalimba chifukwa cha timaunyolo ta mkati mwake, relaxer amagwira ntchito podula timaunyolo timeneti, bulichi nayenso amatidula pochotsa mtundu wa tsitsi. Mu 2014 kampani ya Olaplex ya ku California inatulutsa mankhwala olumikiza timaunyolo toduka, kuyambira pamenepo makampani ambiri atulutsa zawo, mukaona bond repair kapena bond builder ndi gulu limenelo. Ndawagwiritsapo ntchito pa makasitomala odaya tsitsi la golide ndi lofiira, kuthothoka kumachepa zoonadi, umapaka pa tsitsi lonyowa usanachape ndi shampu, kusiya mphindi 10 kapena kuposa, kamodzi pa sabata. Koma tsitsi lomwe relaxer walidya mpaka kumatamuka ngati chingamu palibe botolo lingalidzutse, dulani nsongazo. Relaxer pakani pa tsitsi lomera kumene lokha, pakadutsa masabata osachepera 8, Vaseline m'mbali mwa chipumi ndi m'makutu, ndipo zoti mpaka ziwawe ndiye kuti zagwira ndi bodza, kuwawako ndi khungu likupsa. Mudziwenso kuti mu 2022 kafukufuku wa bungwe la boma la America loona zaumoyo, NIH, pa amayi oposa 33,000 anapeza kuti amene ankawongola tsitsi ndi mankhwala koposa kanayi pa chaka ankapezeka ndi khansa ya chiberekero mowirikiza kuposa osagwiritsa ntchito. Ine sindikukanizani, ndimadyera momwemo, koma makasitomala anga ndimawauza kuti titalikitse nthawi, pakatipa tiziluka.

Zoluka nazo zili ndi pake. Mesh yokoka mpaka nsidze kukwera, wigi ya guluu sabata ndi sabata, mapeto ake chipumi chikusamukira kumbuyo. Mukamva kuwawa kapena mukaona tiziphuphu m'mbali mwa mzere, masulani tsiku lomwelo olo mwalipira zingati. Pomwe tsitsi langoyamba kuchoka limabwerera mukalipumitsa, ndipo minoxidil wa ku famase amathandiza, ameneyu anayamba ngati mapilitsi a BP nkuona kuti odwala akumera tsitsi, wopaka analoledwa mu 1988. Amafuna miyezi 3 mpaka 6 osadumphitsa, ndipo si wa oyembekezera kapena oyamwitsa. Pomwe pasalala mpaka kunyezimira ngati chipsera ndiye kuti mizu inafa, musataye ndalama. Mafuta a rosemary amene adzadza pa TikTok musapake okhaokha, madontho ochepa mu mafuta a nsatsi kapena a malambe.

Mfundu ndi vuto lalikulu kuno, kutentha, thukuta, ena timafunda mpango tsiku lonse. Choyambitsa ndi kafangasi kamene kamadya mafuta, nde kuthira mafuta ambiri pa khungu la m'mutu poganiza kuti lauma ndi kukadyetsa. Mafuta azipita pa tsitsi, osati pakhungu. Gulani shampu ya ketoconazole kapena ya piroctone olamine, ipakeni pakhungu lenileni, dikirani mphindi 5 musanatsukuluze, kawiri pa sabata kwa mwezi, kenako kamodzi pa sabata. Ya ketoconazole yomweyo imathandizanso zikanga za pamsana ndi pachifuwa poti ndi kafangasi ka banja lomwelo, koma mtundu wa khungu umachedwa kubwerera olo kafangasi katafa. Ndipo musafunde mpango tsitsi lisanaume, chonde. Amene mumatunga pa mjigo wa madzi amchere oti sopo sachita thovu, tsitsi limauma gwaa chifukwa cha miyala ya m'madzimo, kamodzi pa mwezi chapani ndi shampu yolembedwa chelating kapena clarifying, masiku ena shampu yofatsa yopanda sulfate ikwana, ndipo nyengo ya dzinja madzi a mvula ndi abwino kuposa onse. Mafuta a kokonati opaka ola limodzi musanachape amalowa mkati mwa tsitsi nkuliteteza, pankhope pokha musawayandikize ngati mumatuluka ziphuphu.

Za mekapu ndidutsa mwachangu. Amene tinayamba kalekale tikukumbuka maukwati oti mkwatibwi nkhope yotuwa khosi lakuda poti fawundeshoni inalipo mitundu itatu yokha. Zinasintha kwambiri Rihanna atatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mitundu 40, makampani ena ambiri anachita manyazi nkuyamba kutsatira. Poyesa musapake pa dzanja, pakani timizere titatu pa chibwano, tulukani panja, dikirani mphindi 15 poti zina zimada zikakumana ndi mafuta a pankhope, mtundu womwe wasowa osaoneka ndi wanuwo. Kotentha kuno kuchulukitsa ndi kudzipha, pakani pochepa pomwe pali mawanga pokha, paudala wopepuka pachipumi ndi pamphuno, thukuta likabwera gunditsani tishu osapukuta. Zolembedwa long wear kapena transfer proof zili ndi zinthu zopanga kachikopa kopyapyala pamwamba pa khungu nchifukwa chake sizithimbirira pa mpango, koma pochotsa madzi ndi sopo okha sakwana, yambani ndi mafuta kapena madzi ochotsera mekapu otchedwa micellar water kenako musambe. Komanso poti kachikopako kamatchinga madzi, amene mumaswali muziganizire nthawi yopaka. Chimodzimodzi polishi wa zikhadabo amene akumutcha breathable, monga O2M wa kampani ya Inglot ya ku Poland, amatsatsidwa kuti amalola mpweya ndi chinyontho kudutsa, koma mashehe sagwirizana chimodzi pa nkhani yoti nkutawaza naye, nde funsani a shehe anu musanadalire zolembedwa pa botolo. Hina weniweni amatenga maola kuti agwire ndipo mtundu wake ndi wofiirira, uja wakuda bii wogwira mu mphindi zochepa nthawi zambiri athiramo PPD, mankhwala a dayi wa tsitsi, amatulutsa matuza ndipo ukangodana naye kamodzi ndi mpaka kale, olo dayi wa imvi sudzamuyandikiranso. Nthawi ya Eid ndimaona manja otupa chaka ndi chaka.

Tsono kayambidwe kake. Chinthu chatsopano chilichonse chiyeseni kaye kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono masiku atatu otsatizana. Chikapanda kuyabwa chipititseni kunkhope, chokhacho, masabata awiri musanawonjezere china, kuti chikakupwetekani mudziwe wolakwa. Mmamawa sambani ndi chotsukira chofatsa, osati sopo wochapira zovala uja, kenako niacinamide ngati muli naye, kenako sunscreen, amene khungu lanu ndi lamafuta loshoni mukhoza kuidumpha mmamawa. Usiku sambani, chimodzi mwa zogwira mawanga kapena retinol pa masiku ake, loshoni. Zamadzimadzi zimayamba, zolemera zimatsiriza. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano pa ziphuphu zisiyeni, zimawotcha. Zosakaniza nokha kunyumba zokhala ndi madzi, alovera kapena madzi a mpunga, mulibe choteteza kuti zisaole nde kotentha kuno masiku awiri zayamba kale kuswa tizilombo, pangani zokwana tsiku lomwelo basi.

Mtsikana wa ku Mpondasi uja ndinamulanda jumbo yonse nkuisunga mu kabati ya mu saluni, ndinamubwezera chotsukira, loshoni ya ceramide ndi sunscreen zokha, sabata ziwiri osakhudza china. Kusupuka kunasiya tsiku lachisanu ndi chimodzi. Dzana wabwera kuzatenga niacinamide, vitamin C wake tinapeza atafiira kale tinataya, retinol ndamuuza kuti akhale mu kabati momwemo mpaka ukwati udutse, ndipo poti apongozi ayamba kale kuwerenga miyezi mwina botolo limenelo lingothera kwa ine.